Musanatumize ndalama, yambani mwadula foni

Uthengawo unafika ndili mkati mwa ntchito. Unkaoneka ngati mauthenga onse amene ndimalandira munthu akanditumizira ndalama pafoni: nambala ya risiti, tsiku, nthawi, ndi balansi yatsopano kumapeto kwake. Pasanathe mphindi foni inalira. Anali mayi, mawu ali njenjenje.

"Pepani bambo, ndaphonya nambala imodzi potumiza. Ndalamazo n'za mwana, ali m'chipatala. Chonde ndibwezereni, Mulungu akudalitseni."

Ndinali nditatsegula kale potumizira, chala chili pafupi ndi pini. Chimene chinandiimitsa si nzeru ayi. Ndinangofuna kuona ngati ndalama yodula potumiza ikwanire, ndiye ndinayamba ndafunsa balansi. Munali zomwe zija ndinasiya m'mawa, palibe chinalowa. Nditabwerera ku uthenga uja ndinaona kuti wachokera ku nambala wamba ya munthu, osati kumene mauthenga a kampani amachokera masiku onse. Mayi aja anaimbanso kawiri. Ulendo wachitatu kulira kunali kutatha, anayamba kutukwana.

Wakuba wa pafoni kawirikawiri sathyola chitseko, chifukwa kiyi alibe. Amagogoda n'kukuuzani kuti nyumba ikupsa, kuti mutsegule nokha. Ndiye zina mwa zimene ndalemba pano n'zoti muchite lero, mtima uli m'malo, ndipo zina n'za tsiku limene adzagogode.

Choyamba, dziwani zinthu zosatuluka pakamwa

Zilipo zinayi: pini ya ndalama za pafoni kapena ya khadi la ku banki, pasiwedi, manambala atatu a kuseri kwa khadi amene amatchedwa CVV, ndi khodi ija imabwera pameseji mukamalowa mu akaunti kapena mukamalipira, imene ambiri amangoti OTP. Izi si za wa ku banki, si za wa ku kampani ya foni, si za ejenti, si za wapolisi. Wantchito weniweni sazifuna n'komwe, poti ntchito yake amaigwirira pa kompyuta ya kampani. Amene akukufunsani ndiye kuti ali kunja kwa mpanda, akudikira kuti inu mumuponyere makwerero.

Pini anthu ambiri amaisunga bwino. Pamene amagwera ndi pa khodi, poganiza kuti kanthu kogwira ntchito kamodzi kokha sikangavulaze munthu. Komatu khodi ikafika pafoni panu inu musanaipemphe, nthawi zambiri tanthauzo lake ndi ili: pa mphindi yomweyo pali munthu amene waima pakhomo la akaunti yanu, walemba kale nambala yanu, mwina ndi pasiwedi yomwe, ndipo changomutsalira ndi manambala amenewo. N'chifukwa chake amakuthamangitsani, paja khodi imafa pakapita mphindi zochepa. Werengani meseji yonseyo mpaka kumapeto. Nthawi zambiri imanena chimene khodiyo ikutsegula, ndipo imachenjezanso kuti musauze munthu.

Ena ochenjera sapempha pini. Amati akukukonzerani akaunti, n'kumakuwerengerani zoti mudine: nyenyezi, manambala akuti, sankhani yachitatu, lembani nambala iyi, tsopano ikani pini yanu nokha, ife sitikufuna kuimva. Mukamaliza, mwadzitumizira nokha ndalama zanu kwa iwo. Enanso amangochititsa kuti kabokosi kopempha pini katulukire pa sikirini panu, n'kunena kuti muvomereze mphoto. Gwirani mfundo iyi: ndalama zolowa mu akaunti sizifuna pini. Aliyense wokuuzani kuti muike pini kuti mulandire, akufuna ndalama zituluke.

Piniyo isakhale 1234, 0000 kapena chaka chanu chobadwa. Chaka chobadwa chili pa chitupa, ndipo chitupacho chimagona m'chikwama chimodzi ndi khadi ndi foni.

Chachiwiri, dulani foni, muimbe nokha

Pa zonse zimene ndalemba, ichi ndiye mutu. Wina akakuimbirani, kaya akuti akaunti yanu itsekedwa lero, kaya mwapambana mpikisano umene simunalowe, kaya m'bale wanu wamangidwa, musatsutsane naye ndipo musamufunse mafunso ofuna kumukola. Iyeyo ntchito yake ndi yomweyo tsiku lonse, mayankho ali nawo kale. Ingonenani kuti "Ndikuimbirani", n'kudula. Kenako imbani pa nambala imene mwaipeza nokha: ya kuseri kwa khadi, ya pa mapepala amene munasaina potsegula akaunti, kapena ya mu pulogalamu yeniyeni ya bankiyo. Musaimbe nambala imene wakupatsani iye, kapena imene ili mu meseji yomwe mukuikayikirayo. Ngati ofesi ili pafupi, pitani ndi miyendo.

Mwina mungati, nanga nambala imene inaonekera pa sikirini inali ya banki ndithu? Imeneyo amatha kuinamiza. Pali njira zoimbira kudzera pa intaneti zimene woimba amasankha yekha nambala yoti ioneke kwa wolandira. Ngakhale dzina la wotumiza meseji amatha kulipeka, mpaka uthenga wabodza n'kukalowa mu mzere umodzi ndi mauthenga enieni. Ine tsiku lija wakubayo anali wa ulesi, anagwiritsa nambala wamba, koma si onse otero. Umboni wokhawo woti ndalama zalowa ndi balansi imene mwafunsa nokha. Chithunzi cha risiti chimene wogula wakutumizirani pa WhatsApp si ndalama. Amalonda, katundu asachoke m'manja balansi isanasinthe.

Nanga ndalama zikakhala kuti zalowadi molakwika? Zimachitika. Muuzeni mwini wakeyo aimbire kampani kuti izibweze yokha, inunso imbani mudziwitse. Musazitumize nokha, makamaka akati mutumize pa nambala ina, chifukwa akhoza kulandira zanuzo n'kukapemphanso kampani ibweze zoyamba zija, inu n'kuluza kawiri.

Musakopekenso poti akudziwa dzina lanu lonse, kumene mumagwira ntchito, kapena manambala omalizira a khadi lanu. Zoterezi zimatayika m'makampani n'kumagulitsidwa, zina timaziyanika tokha pa Facebook. Ngakhale mawu ndi nkhope masiku ano si umboni. Kumayambiriro kwa 2024 apolisi a ku Hong Kong analengeza za wantchito wa kampani ina amene anatumiza ndalama zokwana pafupifupi madola 25 miliyoni a ku America atachita msonkhano wa pavidiyo ndi anthu amene ankaoneka ndi kulankhula ngati mabwana ake. Onsewo anali opangidwa ndi kompyuta. Ndiye mukalandira uthenga woti "Amayi, foni yanga yawonongeka, iyi ndi nambala yatsopano, nditumizireni ndalama msanga", imbani pa nambala yakale. Ikapanda kupezeka, imbirani munthu amene amakhala naye. Pabanja gwirizanani liwu limodzi lachinsinsi, losalembedwa paliponse, loti munthu azilitchula akamapempha ndalama pa nambala yachilendo.

Ndipo mukamva mawu akuti "musauze munthu" kapena "musadule foni", dziwani kuti mwafika pa msampha penipeni. Akuopa kuti mukafunsa wina, wosathamanga mtima ngati inu, aona bodzalo nthawi yomweyo. Paja safunsa anadya phula.

Chachitatu, tsekani simukhadi ndi foni

Ambiri timakiya foni n'kuiwala simukhadi. Wakuba akatola foni yokiya sataya nthawi ndi loko. Amazula simukhadi, kuiika mu foni ina, ndipo makhodi onse a ku banki, a WhatsApp ndi a imelo amayamba kufikira kwa iye. Mankhwala ake ndi pini ya simukhadi. Pa foni za Android lowani mu Settings mufufuze mawu akuti "SIM lock". Pa iPhone zili pansi pa Cellular kapena Mobile Service, pamene palembedwa "SIM PIN". Idzakufunsani pini imene simukhadiyo inabwera nayo, ndipo apa musalote. Mukalakwitsa katatu imatsekeka n'kufuna PUK, nambala ya manambala 8 imene imakhala pa kapulasitiki kamene munathyolapo simukhadi, ndipo mukalakwitsa PUK kakhumi simukhadiyo yafa. Ngati pini yoyambayo simukuidziwa, funsani kampani kaye. Mukatsegula, isintheni ikhale yanuyanu, yosiyana ndi ya ndalama.

Mukadali momwemo, konzani kuti zolembedwa m'mameseji zisamaoneke foni ili yokiya. Loko alibe phindu ngati khodi ikuwerengeka pamwamba pa sikirini. Kenako dinani *#06#. Patuluka nambala ya manambala 15 yotchedwa IMEI, imene ndi chizindikiro cha foni yanuyo. Ilembeni papepala pamodzi ndi PUK, musunge kunyumba. Yatsaninso pulogalamu yofufuzira foni yotayika, ya Google kapena Find My ya Apple, imene imakulolani kuikiya kapena kufufuta zonse muli kutali.

Pali kuba kwina kumene foni imakhala m'thumba mwanu momwemo. Wakuba amatolera dzina lanu, tsiku lobadwa ndi nambala ya chitupa, n'kukanamiza kampani kuti ndi inu mwataya simukhadi, kapena kunyengerera wantchito wa mkati. Akapatsidwa yatsopano, yanu imangozima. Sizisankha munthu: mu August 2019 Jack Dorsey, amene panthawiyo ankatsogolera Twitter, anamulanda akaunti yake ya pa Twitter pomwepo kudzera mu nambala yake ya foni. Chizindikiro chake n'chakuti netiweki imasowa pafoni panu pokha, anzanu a kampani yomweyo ali nayo. Zikatero zimitsani foni n'kuyatsanso kamodzi. Ikapanda kubwera, musagone nazo. Bwerekani foni muimbire kampani, kenako banki. Ena amayamba akuimbirani mobwerezabwereza usiku kuti mutope muzimitse foni, kuti musazindikire nthawi imene netiweki yachoka.

Chachinayi, ikani loko wachiwiri pa maakaunti

Yambani ndi imelo, chifukwa ndi kumene maakaunti ena onse amatumiza linki mukaiwala pasiwedi. Wolanda imelo walanda mudzi wonse. Pa Google, pa Facebook ndi pa ena ambiri, mu gawo la Security muli poyatsira chitsimikizo chachiwiri, chimene chimafuna khodi kuwonjezera pa pasiwedi. Ngati pali mwayi wosankha, tengani pulogalamu yopanga makhodi monga Google Authenticator, imene khodi yake imasintha pa masekondi 30 aliwonse ndipo sidalira simukhadi. Makhodi apadera amene adzakupatsani oti mudzagwiritse foni ikatayika, alembeni papepala lija.

Pa WhatsApp lowani mu Settings, Account, kenako Two-step verification. Ikani pini ya manambala 6 ndi imelo yoti idzakuthandizeni mukaiwala. Njira yobera WhatsApp imene yagwetsa anthu ochuluka ndi iyi: mnzanu, amene akaunti yake yalandidwa kale, amakulemberani kuti "Pepa, khodi yanga yabwera kwa iwe molakwika, nditumizire". Khodiyo ndi yanu, yotsegulira WhatsApp yanu pa foni ina. Mukangoitumiza, mwatulutsidwa, ndipo wakubayo ayamba kupempha ngongole kwa abale anu m'dzina lanu. Muzionanso pa Linked devices kamodzikamodzi. Mukapezapo kompyuta imene simukuidziwa, itulutseni.

Za mapasiwedi ndinene mwachidule: akhale aatali, ndipo akaunti iliyonse ikhale ndi yake. Chifukwa chake n'chakuti makampani nawonso amaberedwa. Yahoo inavomera mu 2017 kuti kuba kumene kunachitika mu 2013 kunakhudza maakaunti ake onse, okwana 3 biliyoni. Akuba akapeza imelo ndi pasiwedi kumalo amodzi, amaziyesa pa makomo ena onse. Mawu anayi kapena asanu osagwirizana, olumikizidwa pamodzi, ndi ovuta kulota kusiyana ndi dzina la mwana wanu lokhala ndi chaka kumapeto. Ngati simungawakumbukire onse, foni ili ndi posungira mapasiwedi pake, ndipo ngakhale kabuku kobisidwa bwino kunyumba n'kabwino kuposa pasiwedi imodzi ya paliponse. Mukafuna kudziwa ngati imelo yanu inatulukapo pa kuba kotere, tsamba la Have I Been Pwned, limene Troy Hunt wa ku Australia anayambitsa mu 2013, limakuuzani kwaulere. Limafuna imelo yokha.

Chachisanu, linki ndi mapulogalamu

Kupanga tsamba lofanana ndi la banki n'kosavuta, mitundu ndi chizindikiro amangokopera. Chimene sangakopere ndi adiresi. Phunzirani kuiwerenga: yang'anani mawu amene ali kumapeto, kamzere kopendekeka (/) koyamba kasanafike, osawerengera timizere tiwiri ta https://. Adiresi ikakhala facebook.com.chitetezo-lowani.xyz/, mwini tsambalo ndi chitetezo-lowani.xyz, ndipo mawu a facebook aikidwa kutsogolo ngati nyambo basi. Amasinthanso chilembo chimodzi, 0 m'malo mwa o, kapena rn m'malo mwa m, zimene pa sikirini yaing'ono siziwoneka. Kaloko kapena zilembo za https sizitanthauza kuti tsamba ndi la anthu okhulupirika, masamba abodza nawonso amakhala nazo. Chophweka n'chakuti ku banki musamalowere pa linki imene mwatumiziridwa. Tsegulani pulogalamu yake, kapena lembani adiresi nokha.

Mapulogalamu tengani ku Google Play kapena App Store. Fayilo yothera ndi .apk imene yabwera pa WhatsApp, kaya akuti ndi kalata yoitanira ku ukwati, kaya ndi risiti ya katundu, musaitsegule. Ikalowa imatha kumawerenga mameseji anu onse mwakachetechete. Ndipo munthu akakuuzani kuti muike AnyDesk kapena TeamViewer kuti akuthandize ali kutali, kanani. Mapulogalamuwo paokha si oipa, akatswiri a makompyuta amawagwiritsa ntchito, koma amapatsa munthu winayo maso ndi zala pa foni yanu. Onaninso zilolezo: tochi ikufuniranji mameseji anu? Mapulogalamu ena a ngongole zachangu amakopera mayina onse a m'foni ndi zithunzi, ndipo mukachedwa kubweza amayamba kuchititsa manyazi kwa abale ndi abwana anu.

Chachisanu ndi chimodzi, zitupa

Chithunzi cha chitupa kapena pasipoti, makamaka chija mwachigwira pafupi ndi nkhope, n'chokwanira kuti wina atsegulire akaunti kapena atengere ngongole m'dzina lanu. Musachitumize kwa wolemba ntchito amene mwangokumana naye pa intaneti. Popereka fotokope, lembani modutsa pamwamba pake tsiku ndi chimene mwaiperekera. Foni yakale musanagulitse, tulutsanimo maakaunti, zulani simukhadi ndi memore khadi, n'kuibwezeretsa mmene inalili pochoka ku fakitale.

Chachisanu ndi chiwiri, phindu lonona

Izi n'zovuta kuposa zonse, chifukwa pano sakuopsezani, amakukondweretsani, ndipo wobweretsa nkhaniyo nthawi zambiri ndi mnzanu amene nayenso akukhulupirira ndi mtima wonse. Njirayi ndi yakale kuposa foni za m'manja. Mu 1920 mumzinda wa Boston ku America, Charles Ponzi ankalonjeza phindu la 50 pa 100 iliyonse m'masiku 45, ndipo oyamba ankalandiradi, kuchokera ku ndalama za olowa pambuyo. Chaka chomwecho zinagwa. Bernie Madoff wa ku America komweko anayendetsa zofananazo kwa zaka zambiri mpaka anamangidwa mu 2008. Ruja Ignatova anagulitsa OneCoin m'mayiko ochuluka ngati ndalama yatsopano ya pa intaneti, n'kusowa mu 2017, ndipo mu 2022 FBI, nthambi yofufuza milandu ya ku America, inamuika pa mndandanda wa anthu khumi amene ikuwasaka kwambiri. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Choncho kulandira phindu koyamba si umboni, ndi nyambo imene akudziwa kuti ibweza zochuluka. Manambala amene akukwera pa sikirini amalemba ndi iwo omwe. Musanaike ndalama funsani zitatu. Phinduli likuchokera pa malonda anji, oti mungawafotokozere mwana n'kumva? Kampaniyi ili ndi chilolezo cha bungwe loyang'anira za ndalama m'dziko lanu, ndipo mwachiona nokha pa mndandanda wa bungwelo? Kodi kuti mupindule mukufunika kubweretsa anthu ena? Funso lachitatuli likayankhidwa kuti inde, tulukani.

Achibale ake a chinyengochi ndi onse amene amati lipirani kaye pang'ono kuti mulandire zambiri: mphoto, ngongole, ntchito ya kunja, phukusi limene lakanirira pa kasitomu, chuma cha masiye cha munthu amene simunamumvepo. Ambiri amazitchula kuti 419, potengera ndime ya malamulo a milandu a ku Nigeria yokhudza kupeza zinthu mwachinyengo, ngakhale zimachitika m'dziko lililonse. Mukalipira yoyamba pamabwera ya msonkho, kenako ya sitampu, ndipo simumasiya chifukwa mukulira zimene mwaponya kale. Chimodzimodzi chibwenzi cha pa intaneti chimene miyezi ikupita kamera yake ili yowonongeka, koma mavuto ofuna ndalama sakutha. Ntchito zongodina ndi kupereka nyenyezi zoyamikira malonda pa intaneti, zimene amayamba akulipirani tindalama kenako n'kuti muikemo zanu kuti mukwere gawo, ndi nyimbo yomweyo. Ndipo wina akakupemphani kuti ndalama zake zidutsire mu akaunti yanu, inu mutapepo pang'ono, kanani: zimenezo n'zobedwa, ndipo apolisi akamalondola mapazi adzafikira pa dzina lanu.

Zikachitika

Manyazi ndi amene amamaliza ndalama. Munthu amakhala chete tsiku lonse akudzitukwana, pamene ola loyambalo ndi limene ndalama zikhoza kuimitsidwa zisanatapidwe. Imbirani banki kapena kampani ya ndalama za pafoni nthawi yomweyo, atseke khadi kapena akaunti, muwapatse nambala ya risiti ndi nambala imene ndalama zapita, ndipo akupatseni nambala ya dandaulo lanu. Ngati foni yabedwa, tsekani simukhadi, mutenge ina ya nambala yomweyo.

Kenako sinthani mapasiwedi, kuyambira imelo. Ngati munaika pulogalamu yokayikitsa, zimitsani data ndi Wi-Fi pa foniyo, musinthire mapasiwediwo pa foni ina, yanuyo muifufute yonse. WhatsApp yolandidwa imabwerera mukalembetsanso nambala yanu n'kuika khodi yatsopano ya pameseji, ndipo wakubayo amatulutsidwa pompo. Akakhala kuti anaikamo pini yake, mungafunike kudikira masiku 7, koma iye amakhala atatuluka kale. Uzani abale ndi anzanu kudzera njira ina kuti asatumize kanthu.

Musafufute mameseji chifukwa cha mkwiyo. Jambulani zonse, manambala, nthawi, maadiresi a masamba ndi marisiti, mupite nazo kupolisi, mutengeko lipoti, chifukwa banki ikhoza kulifuna. Kwa miyezi ingapo muziyang'ana sitetimenti, ngakhale tindalama ting'onoting'ono timene simukutidziwa, poti ena amayamba ayesa khadi ndi zochepa.

Pakapita masiku mwina wina adzakuimbirani, waulemu wake, kuti ndi loya kapena wa ofesi yobweza ndalama zobedwa, zanu zapezeka, mungolipira kaye kangachepe ka mapepala. Ndi omwe aja, kapena anzawo amene anagula nambala yanu kwa iwo. Dulani foni, ndipo nambala yakeyo mukaiwonjezere pa lipoti lija.